Kagalimoto kanga ndi injini ya lole

Maloto a Lachiwiri andisowetsa mtendere. Ndinalota ndili ndi kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, kopanda denga, kopepuka moti mavenda anakakoleka pa sikelo ya soya. Injini yake inali ngati mutu wa makina osokera, koma kakati kanyamuke, mphepo imandiumitsa nkhama, poti mano ndilibe.

Kenaka anatulukira mkamwini wanga Fulaye, makaniko, atasenza injini ya lole pamutu, oyilo akumuyenderera m'khosi.

"Bambo, kameneka mphamvu kalibe. Tiikemo iyi, apo ayi mutsike."

"Akamwini, mphamvu yonseyo yokokera chiyani? Ine ndi chipewa changa?"

Anaiikamo ndithu. Kagalimoto kanagwada, matayala n'kumangozungulira pamchenga, fungo la mphira wopserera lili guu, mpaka kanadzikumbira dzenje.

Kaya akutanthauzanji malotowa. Koma Fulaye yemweyu wamanga njinga yanga ndi tcheni, ati adokotala anena kuti mtima wanga wachepa mphamvu, sungathe chitunda cha kumsika. Mtimawo ukunyamula ndani? Si ine wa mafupa okhaokhane? Sowo yodulira zitsulo ndabwereka kale, Loweruka ndikukwera.