Thanga la Matumba a Feteleza

Makina osokera a Rabecca ankalira pakhonde kuyambira m'mawa, ndipo kulirako kunkamulowa Kizito m'mano. Makinawo anagula ndi iye ku Songani, masiku amene boti lake la injini linali mfumu ya katundu pa nyanja ya Chilwa. Lero mkazi wakeyo ankalumikizirapo matumba a feteleza, kusoka thanga la boti la mchimwene wake Nickson, mlamu wa Kizito.

Nickson anali atangobwera kuchokera ku nyanja zamchere. Anachoka pamudzi ndi jumbo m'manja, nakagona pamadoko a Nacala, Beira ndi Durban, mpaka anapeza ntchito m'sitima yonyamula khofi kupita ku Ulaya. Sitimayo, ankatero iye, inkayenda ndi mphepo. Matanga ake anali aatali kuposa bulugamu wa ku Malosa, ndipo injini ankangoiliza polowa padoko. Ogula khofi ankalipira akumwetulira poti katundu wawo wafika wopanda utsi, utsi womwewo umene ukutenthetsa dziko mpaka Chilwa kumauma ngati bwalo la mpira. Munthu amene anaonapo madzi opanda tsidya sayankhula monong'ona, ndipo Nickson sankanong'ona. Ana ankamuunjirira, mayi ake ankamuphera nkhuku, ndipo Kizito, mkamwini wa pamudzipo, ankalandira zipalapasiro.

Tsiku limenelo Kizito anali atabwera ndi chigubu chopanda kanthu, atatha usana wonse pamzere wa petulo ku Zomba.

"Alamu, mwana wanu uja wayamwa lero?" anafunsa Nickson, akuloza injini imene inatsamira khoma. "Bwerani kwathu kuno. Palibe amene anaimapo pamzere kudikira mwera."

Kizito anayankha kuti munthu wa ndevu zake sayendetsa boti ndi zovala zoyanika pachingwe. Rabecca anaseka, koma Kizito anaona bwinobwino kuti akusekera nthabwala ya mchimwene wake, osati yake.

Choipa n'chakuti thangalo linagwira ntchito. Kaboti kakale kamene Nickson anagula kanayamba kupita pachilumba cha Chisi n'kubwerako osamwa ngakhale dontho, mtengo wake wotsika. Makasitomala ang'onoang'ono anathawira komweko. Kizito anatsala ndi mmodzi, koma ndiye anali msana wa banja lake: mayi Fauzia, amene kwa zaka zambiri ankagula tomato m'madimba a Domasi, kumuolotsera ku Chisi, n'kubwerako ndi matemba. Mayiwo anamuuza mosabisa kuti Lachisanu ali ndi madengu a tomato, ndipo ngati petulo sapezeka akwera la Nickson.

Kizito anawauza kuti asavutike, nayenso thanga ali nalo.

Analibe. Koma kupempha mkazi wake kuti amusokere kunali ngati kugwada, ndipo kufunsa mlamu wake kunali imfa yeniyeni. Anakhala masiku angapo akusuzumira ali kumtunda, kuona pamene mlongoti wa nsungwi waima ndi mmene zingwe zamangidwira. Kenako anamanga matumba panjinga n'kupita kwa telala wa ku Naisi, kutali ndi maso a apongozi. Anamuuza kuti asoke lalikulu kuwirikiza la Nickson, loti anthu a ku Chisi aziliona asanadye phala.

Lachisanu mwera unadzuka ndi mphamvu, ukuomba cham'mbali. Thanga linafufuma, boti linanyamuka ngati lalumidwa ndi mavu, ndipo Kizito anaima kumbuyo chifuwa chili patsogolo. Anafunsa mayi Fauzia ngati anakwerapo ndege. Mayiwo, atakhala pakati pa madengu awo, anangogwira mpango kuti usauluke.

Patapita kanthawi mayiwo anafunsa chifukwa chimene Chisi chikuthawira kudzanja lamanja.

Zinali zoona. Mphuno ya boti inkaloza pachilumba, koma botilo linkayenda chammbali ngati nkhanu. Maboti a pa Chilwa ndi osalala kunsi ngati lichero, ndipo mphepo inkangolikankha pamwamba pa madzi mmene ikufunira. Kizito anakoka chingwe ichi, namasula icho. Anabaya nsungwi yopondera pansi, matope n'kuimeza. Thanga lalikulu lija linawakokera m'mabango, boti n'kukhala pamatope, phwata.

Dzuwa linakwera. Tomato anayamba kutuluka thukuta. Mayi Fauzia sanakalipe, anangomukumbutsa Kizito mwaulemu kuti dengu lililonse ndi sukulu ya mwana wawo, ndipo ulemuwo unamuwawa kuposa kutukwana.

Chakumasana kunatulukira kathanga kakang'ono, kakudula mphepo mopingasa, molunjika ngati kakuyenda pamsewu wa phula. Nickson anaima kumapeto kwa mabango, pamene madzi anali akuya.

"Alamu, mwaima kuti mugule chiyani kuno? Msika uli kutsogoloku."

Mayi Fauzia analamula kuti katundu asamuke. Kizito anatsikira m'madzi ofika m'chifuwa, nayamba kusenza madengu limodzilimodzi kupititsa ku boti la mlamu wake. Ali m'mbali mwa botilo, bondo lake linagunda chinthu cholimba. Linali thabwa lalikulu, lomangidwa m'mbali ndi bawuti, lolowa m'madzi ngati mpeni. Kumtunda kuja silinkaoneka. Sipanafunike womuuza Kizito: thabwalo ndilo linkaluma madzi kuti boti lisaterereke.

"Ngakhale sitima ya ku Ulaya ili ndi lake kunsi, lachitsulo," anatero Nickson, ataona nkhope yake. "Mukanangofunsa, alamu. Timadyera mbale imodzi."

Kizito anati bondo lake lagunda chitsa basi.

Mayi Fauzia anakwera pomaliza, nakhala pansi, nakonza chitenje chawo chonyowa.

"A Kizito, zaka zonsezi sitinayambanepo, ndipo lero sitiyambana. Koma tomato sadikira kuti amuna agwirizane. Kuyambira lero ndizikwera ili."

Nickson anatola chingwe kuti amukoke mlamu wake pamatopepo. Kizito anakana. Anati akudikira mphepo itembenuke, ndipo malowo anawasankha dala poti pali mthunzi wa mabango. Kenako anawerama ngati akutsuka matope m'manja. Pansi pa madzi anayendetsa dzanja pa thabwa lija, kuyambira pabawuti mpaka kunsonga, nayeza m'lifupi mwake ndi zala, nakanikiza chala chachikulu pamkono pamene muyeso wathera.

Kathanga kaja kanafufuma n'kumapita, tomato yense ali momwemo. Kizito anabwerera ku boti lake chala chili chikanikizire pamkono. Kunyumba, chitseko cha kukhitchini chinali cha mlombwa, chokwanira bwino muyeso uja, ndipo Rabecca ankapita kukwaya Loweruka masana.