Dona Wakana Kudya

Shingai atamwalira anasiya zinthu zochepa: nsapato za mpira, foni yong'aluka galasi, ndi njoka. Nsapato anatenga msuweni wake, foni inapita kwa mlongo wake Chengetai. Koma njoka abale onse anailambalala, aliyense kuyang'ana kumbali ngati sakuiona, mpaka inatsalira mayi ake, a Florida, m'kanyumba kawo ka m'dera la Unit D.

Inali nsato, koma osati nsato ija yomeza mbuzi. Iyi inali yamtundu waung'ono wochokera kunja, ndipo Shingai anaipeza kumalo oonetserako njoka kumene ankagwira ntchito. Anaitcha Dona chifukwa chonyada pa chakudya. Inkakhala m'bokosi lagalasi m'chipinda chake, ndipo mantha ake anali ochititsa manyazi mtundu wonse wa njoka. Ukangogogoda galasi inkadzipinda ngati nkhata, mutu n'kuubisa pakati.

Mwana wawo ali moyo, a Florida sankaponda n'komwe m'chipindamo. Mayi wa Mvano angakonde bwanji chinthu chimene chinanyenga Hava? Komanso pakamwa pa anthu a ku Unit D sipatsekeka. Ukakhala mdzukulu wa Amalawi amene anabwera m'dziko muno kudzagwira ntchito m'mafamu, anthu amakunena kuti ndiwe wokhwima ngakhale ulibe ndi chithumwa chomwe, nanji uli ndi njoka m'nyumba. Maliro atangotha, pamjigo panayamba kumveka kuti Mai Shingai anapereka mwana wawo kwa njoka kuti tomato wawo aziyenda malonda. Tomato wake uti, wongowolera pathebulo uja?

"Mhamha, vanhu vari kutaura," anatero Chengetai tsiku lina atabwera kuchokera ku Zengeza kumene anakwatiwa. Chichewa ankachimva chonse, koma kuyankha ankayankha m'Chishona basi.

"Akulankhula chiyani chimene sanalankhulepo?"

"Ipai Tonderai nyoka iyi. Ndiye anoziva zvenyoka." Ankatanthauza kuti njokayo aipereke kwa Tonderai, mnzake wa malemu wodziwa za njoka.

"Tonderai ali ndi njoka zake. Iyi ndi ya mwana wanga."

Zoona zake n'zakuti a Florida anali atayamba kuikonda. Zovala za Shingai zinagawidwa, fungo lake linatha m'bulangete, ndipo chamoyo chokhacho chimene chinatsala chodziwa kufunda kwa dzanja lake chinali Dona. Tonderai, mnzake wa Shingai wa kuntchito, anawaphunzitsa kadyetsedwe kake: kupha khoswe, kumugwira kumchira ndi chopanira, n'kumugwedeza pang'ono pamaso pa njoka. Makoswe sanali ovuta, pamsika anali mbwee. Dona akameza, a Florida ankakhala pabedi la malemu n'kumaiuza za tsikulo m'Chichewa, pakuti mwa ana awo Shingai yekha ndiye ankawayankha m'chinenero chawo.

Ndiye tsiku lina Dona anakana kudya.

Anagwedeza khoswe mpaka mkono kuwawa, njoka osatembenuka. Anayesanso patapita masiku, chimodzimodzi. Khungu lake lija lonyezimira linachita mbuu ngati lawazidwa phulusa. Kenaka anaona maso. Anali atachita chifunga, otuwa ngati madzi otsukira mpunga, ndipo maso otero a Florida anali atawaonapo kale pankhope ya Shingai, pabedi la kuchipatala.

Anamuimbira foni Tonderai nthawi yomweyo.

"Musanetseke mhamha, musadandaule," anatero mnyamatayo, akuyesetsa Chichewa chothyokathyoka chimene anatola kwa mnzake. "Sikudwala ayi. Iri kuda kuvhunura, ikufuna kufundula khungu. Panopa sikuona bwino. Ikani nsalu yonyowa m'bokosimo, muisiye. Musaipatse chakudya, kana chii zvacho, china chilichonse."

"Mwanawe, yatha masiku ili ndi njala."

"Njoka imakhala nthawi yaitali osadya. Idya yokha ikamaliza. Lachinayi ndikaweruka ndibwera ndidzaione."

Idya yokha. A Florida anaika foni pansi, mawuwo akuwabaya mumtima. Kuchipatala kuja anawauza chimodzimodzi. Shingai atayamba kukana chakudya, iwo ankakwera kombi, minibasi za kuno, m'mawa uliwonse ndi phala m'kabakuli, ndipo anamwino ankawagwira paphewa mwaulemu, amvekere musamukakamize mayi, adya yekha akafuna. Anamvera. Phala ankabwerera nalo kunyumba litazizira, mawa n'kuphika lina. Mwana anapita ali ndi njala, ndipo pa zonse za imfa yake, chimenechi ndicho chinkawasowetsa mtendere. Matenda ndi a Mulungu, koma njala ndi mlandu wa mayi.

Nsalu yonyowa anaika, madzi ake ochita kupanikizana nawo pamjigo. Kudikira anadikira. Koma nthawi iliyonse akasuzumira, maso otuwa aja ankawayang'ana osawaona.

Lachinayi m'mawa anapeza msampha wawaya wa pamsika utakola khoswe wamoyo, chimphona chonenepa ndi tomato wawo yemwe. Atatenga mtengo kuti amuphe, anaima kaye. Mwina Dona watopa ndi nyama yakufa. Wodwala amafuna chatsopano, chofunda. Ndipo kwawo kufamu kumene anakulira, wodwala sankasiyidwa wopanda chakudya pambali. Akakana, mbale umaiika kumutu kwa mphasa n'kutuluka, kuti njala ikamubwerera asachite kuitana munthu. Amayi awo anawaphunzitsa choncho. Akanachita zimenezo kwa Shingai, ndani akudziwa?

Atafika ndi msamphawo kunyumba, anatsegula bokosi n'kukhuthuliramo khoswe uja. Khoswe anathamangira pakona, Dona anadzipinda nkhata yake.

"Ndakusiyira apo, mwanangu," anatero. "Udye ukafuna. Palibe akukuyang'ana."

Anafunditsa bokosilo chitenje, poti Dona sankakonda kudya anthu akupenya. Kenaka anavala bulauzi yoyera ndi duku loyera la Mvano, nakhoma chitseko.

Tsiku limenelo kutchalitchi anaimba. Kuyambira pamaliro ankangotsegula pakamwa mawu osatuluka, koma tsikulo mawu anatuluka, mpaka amayi anzawo kutembenuka. Mtima unali utapepuka. Ulendo uno sanamvere za anthu, sanabwerere ndi phala lozizira. Pobwerera anayenda mosafulumira, akupatsa moni ngakhale akazi aja a pamjigo.

Pageti anapeza Tonderai ndi Chengetai akuwadikira, dzuwa litapendeka.

"Maswera sei mhamha. Dona ali bwanji?"

"Lero ndiye wadya, ndikhulupirira. Ndamusiyira khoswe m'mawa."

"Wakufa?"

"Wamoyo. Mwina ndi amene amafuna."

Tonderai anangotambasula dzanja kupempha kiyi, ndipo mmene analowera m'nyumbamo, osapukuta n'komwe mapazi, a Florida anadziwa kuti zinthu zaipa.

Atachotsa chitenje, khoswe anali pakona, mimba ili tuu, akupukuta ndevu zake ndi timanja. Dona anali pomwe anamusiya, ali chipindire, mutu uli pakati. Sanathawe, sanalume. Nanga akanaluma bwanji chinthu chimene sankachiona? Anangochita chimene ankachidziwa, kubisa mutu n'kudikira kuti zoopsa zidutse. Khoswe anayambira pamsana n'kumatsika, ndipo m'malo angapo fupa linkaoneka loyera.

Chengetai anatuluka panja atagwira pakamwa.

"Ili moyo?" anafunsa a Florida.

"Ichiri kufema, ikadapuma, koma msana wathyoka. Sichira, mhamha." Mnyamatayo sanawayang'ane kumaso. Sananene kuti ndinakuuzani, ndipo kusanenako kunawawa kuposa kunena.

A Florida anapisa manja m'bokosimo. Aka kanali koyamba kuigwira ndi manja awo. Inali yozizira, yolemera kuposa mmene ankaganizira. Anaifukata pachifuwa, magazi akudontha pabulauzi yoyera, ndipo Dona anasolola mutu pang'onopang'ono, nazungulira dzanja lawo monga ankachitira ndi la Shingai. Pafupi ndi khosi, khungu lakale linali litayamba kusendeka. Linamatirira ku chala chawo, lopyapyala ngati khoko la anyezi, ndipo pansi pake panaoneka khungu latsopano, lakuda ndi lagolide, lowala kuposa mmene analionerapo.

"Inali itatsala pang'ono," anatero Tonderai motsitsa mawu.

"Ikanadya yokha?"

"Hongu, mhamha. Ikanadya."

Anakhala pabedi la mwana wawo ali chifukatire, osalira, mpaka mphamvu ya njokayo inatha padzanja pawo, mutu n'kulendewera. Panja ana a oyandikana nawo anali atayamba kale kusonkhana pampanda, ndipo mawa pamjigo padzakhala nkhani yatsopano. A Florida analibe nazo ntchito.

Tonderai anatola mtengo umene unali pakhomo, nayang'ana khoswe amene anali akadali m'bokosi.

"Ndimuphe?"

"Musiye, mwanawe," anatero a Florida. "M'nyumba muno ndi yekhayo amene wadya chimene ndamupatsa."