Masamba Makumi Anayi a Amayi

"Tsegulanso, mwanawe," anatero bambo. "Mawu aja sakundiwerengera kanthu."

Mzime anaika kapu ya tiyi pa tebulo, nawerama pa kompyuta. Fayilo ya bambo ake inalipo, dzina lake lomwe lija, koma m'kati munali mbee. Pambali pa dzinalo panalembedwa kukula kwake: ziro.



Bambowo anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo maso awo anali atatsala pang'ono kutheratu. Kwa zaka ziwiri ankalembera adzukulu mbiri ya malemu akazi awo. Ankalemba ndi pulogalamu yakale imene zala zawo zinkaidziwa popanda maso, kwinaku pulogalamu ina ikuwawerengera mokweza. Kompyuta yakale itafa, yatsopano inabwera ndi dongosolo lina, lomwe pulogalamu yolemberayo sinkalidziwa. Mzime, amene ntchito yake inali yolemba mapulogalamu, anatha milungu itatu akuisamutsa. Anaikhazika pa chimene iye ankachitcha mlatho, chonamiza pulogalamu yakaleyo kuti ikadali kwawo. Dzulo lake anaiyesa kakhumi, osaona vuto.

Mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake, analowa ndi sipanala m'manja, akuchokera kokonza mpopi wa kubafa.

"Akatswiri, nkhope bwanji ngati mwaponda njoka?"

"Alamu, lero ayi."

Mlamuyo anasuzumira pa kompyutapo, kuseka kuja n'kuthera pakamwa. "Mlatho uja wagwa ndi katundu yemwe?"

Mzime anafufuza paliponse pamene fayilo ingabisale, mpaka anapeza chimene chinachitika. Pulogalamu yakaleyo ikamasunga, inkayamba yafufuta zakale, kenako n'kulemba zatsopano. Pa mlathopo kufufuta kunatheka, koma kulemba kunakanika, chifukwa pulogalamu yowerenga ija inali itagwira fayiloyo. Iye poyesa sanayatse mawuwo ngakhale kamodzi. Anali ndi maso, sanawafune.

"Ndine, bambo," anatero Mzime. "Ndinayesa ngati munthu woona. Inu mutasunga n'kutseka, zonse zinapita."

"Zonse?"

"Pa fulashi pali zimene ndinakopera miyezi inayi yapitayo. Ndinkati ndikoperanso Loweruka."

"Zikuthera pati?"

"Pamene amayi anayamba kudwala."

Masamba makumi anayi otsatirawo bambo anawalemba atadzitsekera, ndipo panalibe amene anali atawawerenga. Mlamu anatsitsa sipanala pansi mwakachetechete, ngati ingaswe kanthu. Bambo anavula magalasi, nawerama, milomo ikuyenda popanda mawu. Atatha, anapapasa pa tebulo, napeza kapu ya tiyi ija, naikankhira kwa mwana wawo.

"Imwa. Wakhala osadya chidzukire."

"Bambo, ndikalipireni. Chonde."

"Madzi akatayika saoleka. Ndikakukalipira, amayi ako abwerera m'makinamo?"

"Ine ndimukalipire m'malo mwanu, apongozi," anatero mlamu motsitsa mawu. "Ndakhala ndikudikira mpata zaka zisanu ndi ziwiri."

Mzime anaseka misozi ili mbwembwembwe.

"Konza kaye mlatho wakowo," bambo anatero. "Sindikufuna kuphunzitsa zala izi njira ina pa ukalamba uno. Ukatha, ukoke mpando. Masamba aja ndinalemba ndekha, koma m'chipatala muja wokhalitsa unali iwe."

Mzime anatembenuza ndondomekoyo: pulogalamu izilemba kaye zatsopano pambali, ikatsimikiza kuti zakhala, ndiye izichotsa zakale. Anayatsa mawu aja, natseka maso ake, nayesa kasanu pa fayilo yopanda ntchito. Mlamu anabwerera ku mpopi wake, natseka chitseko pang'onopang'ono.

Chakumasana Mzime anabwezeretsa za pa fulashi zija. Mawu a makinawo anawerenga chiganizo chomaliza, chonena za m'mawa umene amayi analephera kunyamula ndowa. Bambo anaika zala pa mabatani, koma sanalembe.

"Tsiku lopita kuchipatala anavala diresi iti?"

"Yobiriwira, bambo. Ndinawaveka ndine."



"Ine ndinalemba kuti yofiira," anatero bambo. "Sendera pafupi."