Manambala a Makina Oyeza Magazi

Ndikupatsani moni, inu amene mwatenga tsamba lino, ndipo ndiyamika Mwini moyo amene watisunga mpaka tikumane pano.

A Mawaya, amene kale ankasamalira makina ndi makompyuta a chipatala, analowa mu labu ya chipatalacho atagwira mkono wa akazi awo. Panali patapita miyezi isanu chigwereni ndi sitiroko, ndipo mwendo wamanzere unkakwakwaza pansi. Pabenchi la pakhonde panali anthu odikira kuyezedwa magazi. Mayi wina anali atafukata mwana wotuwa milomo.

"Takulandirani, bambo," anatero mkulu wa labu. "Lero ndi tsiku lachitatu. Makina akuyeza, koma zotsatira sizikufika pa kompyuta. Adokotala akungopereka mankhwala mongoganizira."

Kompyuta yakale inali itapsa. Katswiri watsopano, mayi wamagalasi amene analowa m'malo mwa a Mawaya, anali ataika ina. Anaikamonso dalaivala, kapulogalamu kamene kamamasulira pakati pa kompyuta ndi makina. Koma dalaivala amafuna kuuzidwa manambala: polowera chingwe ndi pati, uthenga uziyenda pa liwiro lanji, ndiponso timaswitchi ta kumbuyo kwa makina tiime bwanji.

"Ndasanthula m'makabati monse," anatero katswiriyo. "Palibe pamene munalemba."

"Buku lake ndi ili," a Mawaya anagogoda pamphumi pawo, akumwetulira.

"Buku loyenda ndi ndodo," anatero akazi awo. "Khalani pansi, abambo, musanagwetse laibulale."

Anthu anaseka pang'ono. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri a Mawaya anasunga manambala amenewo m'mutu, ndipo sanachite mwangozi. Ankadziwa kuti munthu amene ali yekha ndi kiyi sachotsedwa ntchito. Kutchalitchi ankatsogolera nyimbo, ndipo kangapo analalikirapo za nyale yovundikiridwa, koma sanaganizepo kuti ulalikiwo ungafike mu labu.

"Chingwe chili polowera pachiwiri?" a Mawaya anafunsa katswiriyo.

"Eya."

"Liwiro?"

"9600, monga likunenera buku la opanga makina. Timaswitchi ndatibwezanso momwe bukulo likufunira."

"Mwatigwira? Safunsa anadya phula, mayi."

"Ndikanafunsa yani, bambo? Khoma?"

A Mawaya anatsegula pakamwa kuti atchule nambala yoyenera. Sinabwere. Anayesanso. Pamalo pamene nambalayo inkakhala zaka zonsezo panali mbee, ngati chipinda chimene asamukamo. Kunja mwana uja analira kamodzi, mawu ofooka, kenaka anangoti zii.

"Abambo?" akazi awo anaitana motsitsa.

"Yachoka," ananong'ona. "Mayi, yachoka."

A Mawaya anatsinzina. Sanapemphe kuti ulemu wawo ubwerere. Mumtima anangoti, Ambuye, ndinakwirira chimene sichinali changa. Musalange mwana uyu chifukwa cha ine.

Kenaka anapempha kuti awaimiritse. Anagwira chingwe kumbuyo kwa makina ndi dzanja lamanja, nayamba kuchitsata pang'onopang'ono. Chinadutsa pansi pa tebulo, kuseri kwa firiji, mpaka pa bowo la pakhoma. Zala zawo zinakhudza simenti yokhakhala imene anamata okha kalekale.

"Bowo ili ndinaboola ndine," anatero. "Kompyuta inali pafupi ndi sinki, madzi ankaidonthera, ndiye tinaisamutsira chipinda chinacho. Chingwe chinatalika. Chikatalika, uthenga wothamanga umafika wosweka." Anasisitanso simenti ija. "Ndinatsitsa liwiro. 2400. Ikani 2400."

Katswiri uja anathamangira chipinda chinacho. A Mawaya anabwerera kumbuyo kwa makina, napapasa timaswitchi tisanu ndi titatu ndi chikhadabo. Chimene mutu unataya, chala chinali chikuchidziwabe. Anakweza kachitatu ndi kachisanu ndi chimodzi, tina tonse pansi.

"Zimitsani, muyatsenso."

Makina analira, nayamba kung'ung'udza. Mkulu wa labu anaikamo kabotolo ka magazi a mwana uja. Anadikira. Kenaka mawu anamveka kuseri kwa khoma:

"Zabwera! Zotsatira zabwera!"

Mkulu wa labu anatenga pepala nathamangira kwa adokotala, osatseka n'chitseko chomwe. Pobwera anati mwanayo magazi anali atachepa kwambiri, ndipo amutengera kale kokamuwonjezera ena.

"Mwatipulumutsa, bambo," anatero. "Zikadzavutanso tidzakutumizirani galimoto."

Mawu amenewo ndi amene a Mawaya ankawalakalaka zaka zonse. Lero anawawawa ngati munga.

"Ayi," anatero. "Galimotoyo idzandipeza kumanda. Mayi, muli ndi kope?"

Katswiri uja anatulutsa kope ndi cholembera, nakhala pambali pawo.

"Lembani. Dzina la makina, ndi dzina la dalaivala. Polowera pachiwiri. Liwiro 2400. Pansi pake mulembe chifukwa: chingwe n'chachitali, chimadutsa khoma. Mukapanda kulemba chifukwa, adzabwera wina wanzeru ngati inu n'kudzakonza zimene sizinawonongeke."

"Wanzeru ngati ine, kapena wouma mutu ngati inu?"

"Onse awiri. Jambulaninso timaswitchi, muonetse tokwera ndi totsika. Pepala lina mumate pa makina, lina kwa mkulu wa labu, lina m'kompyutamo."

Atamaliza, katswiriyo anafuna kutseka kope. A Mawaya anaika dzanja pa tsambalo.

"Musatseke. Pali chosindikizira cha ku famase, kolandirira mankhwala, ndi sikelo ya ana. Tiyeni tipite pamene mutu ukadandilola."

Akazi awo anawapatsa ndodo, nawagwira mkono. Anatuluka atatu, kope lili lotsegula.

Wamphamvuyonse akusungeni inu owerenga, adalitse ntchito ya manja anu, ndipo chimene anakusungitsani chifike bwino kwa amene akubwera pambuyo panu.