Loweruka Lomwe Njira Zinauma

Perlita anasewera boling'i, masewera ogubuduza mpira wolemera kuti ukagwetse mapini khumi oimikidwa, zaka makumi atatu, ndipo nthawi yonseyo womusankhira mpira anali mwamuna wake, Rodelio. Bamboyu anali ndi kashopu m'kati mwa holo yomwe ankasewerera ku Bacolod, momwe ankagulitsa mipira ndi kuiboola mabowo a zala. M'mawa wa mpikisano ankakaona momwe apakira mafuta pa njira zathabwa zogubuduzapo mipira, n'kubwera kudzauza mkazi wake mpira woti anyamule.

Chaka chimenecho Rodelio anali atachoka pakhomo. Ankakhala ndi Lovelyn, mayi wachitsikana wogwira ntchito kubanki, yemwe Perlita mwiniwakeyo anamuphunzitsa kagwiridwe ka mpira. Onse a mu holo ankadziwa, koma moni ankangopatsana ngati palibe kanthu.

Loweruka losankha amayi anayi okaimira chigawo ku Manila, abambo anasewera m'mawa, amayi n'kupatsidwa masana. Perlita anafika ndi mipira yake iwiri yokhakhala, ija imagwira bwino pamene pali mafuta ambiri. Sanadziwe kuti makina opakira mafuta anali atafa, ndipo mafuta ochepa omwe analipo abambo anali atawafufuta kale.

Ataponya koyamba, mpira unakhota usanafike n'pakati pomwe, n'kukagwetsa mapini atatu akumanzere. Anasuntha mapazi, n'kuponya mwamphamvu, koma zinali zomwezo. Pomaliza gemu yoyamba anali pa nambala leveni.

Mnzake Charito, wa njira yoyandikana, anamunong'oneza, akumutchula Manang, dzina laulemu la mayi wamkulu: "Manang, pauma gwa apa. Mipira yanuyo ikuluma thabwa ngati galu. Mulibe wosalala?"

Zinamuwawa kuuzidwa ndi Charito, munthu yemwe anayamba kusewera dzana lomweli, koma wosalala anali nawo. Unali wobiriwira, wolimba, umene Rodelio anamugulira atabadwa mwana wawo woyamba, ndipo unkakhala pashelefu ya m'mwamba mu shopu muja. Anathamangira komweko n'kupeza pashelefu pali mbee. Pocheuka anauona uli m'manja mwa Lovelyn pa njira ya sikisi, ukuyenda chowongoka mpaka kukakhota pang'ono kumapeto. Mabowo akale anali atamatidwa, n'kubooledwa ena a zala zowonda.

Rodelio anali chiimire pakhomo la shopu, akudya piaya, kabuledi kophwatalala kotsekemera. Perlita anamufunsa ngati ankadziwa za makinawo, ndipo bamboyo anavomera kuti anamva dzulo lake.

"Ndiye munauza yani?"

"Sunandifunse, Perling. Komanso mpirawo unatha zaka zisanu usanaugwire."

"Sindinkaugwira chifukwa simunandiuze kuti ndiugwire."

Rodelio anasasa nyenyeswa pamalaya, n'kunena kuti pakadali pano palibe chomwe angachite, poti kumata ndi kuboolanso kumatenga tsiku lathunthu. Ananena modekha, momwe ankalankhulira ndi makasitomala.

Perlita anapita pomwe pamakhala mipira ya aliyense, ija amaseweretsa anthu obwera kudzacheza, yodzaza zipsera. Anainyamula umodziumodzi mpaka anapeza wolimba wa kulemera kwake. Bowo la chala chachikulu linali lotakasuka, choncho analiphatika tepi katatu. Amayi ena ankaseka atagwira pakamwa. Wina anafunsa mokweza ngati Manang abwera ku phwando la ana.

Anasiya zokhotetsa, n'kumangoponya chowongoka. Sizinkaoneka bwino, ndipo mapini ankagwa mwaulesi, koma ankagwa. Gemu yachitatu anafika pa nambala eyiti. Gemu yachisanu khungu la chala linasupuka, tepi n'kufiira, koma iye ankangopukuta pathawulo osayang'ana kumbali. Pa gemu yomaliza anagwetsa onse khumi katatu motsatizana, ndipo oseka aja anasiya kuseka.

Anathera pa nambala faifi. Wachinayi anali Lovelyn, yemwe anamuposa ndi mapini asanu ndi awiri.

Lovelyn anabwera atatambasula dzanja, maso ali pansi, n'kunena kuti Manang asewera bwino kwambiri. Perlita anamuonetsa chala chamagazicho m'malo momupatsa dzanja, n'kupitiriza kumasula nsapato.

Asanatuluke, mkulu wa bungwe lawo la boling'i anamuimitsa. Anayamba ndi kumutamanda, kenako anafika pa nkhani yake. Anati amayi anayiwo ndi achilendo ku mipikisano ikuluikulu, ndipo akufunika munthu wodziwa woti awakonzekeretse kwa masabata atatu. Koma kwa iyeyo ulendo wa ku Manila panalibe, poti malo anali anayi basi. Perlita anati akaganiza.

Anaganizadi masiku awiri, ali yekha m'nyumba, chala chitamangidwa bandeji. Koma anzake onse anali mu holo muja, ndipo tsiku lopanda kumva mapini akugwa linkamutalikira. Lachiwiri masana anakwera jipu yonyamula anthu n'kupita ku holo. Anaima kumbuyo kwa njira ya sikisi atapinda manja, Rodelio akusuzumira pagalasi la shopu.

"Chigongono chako chikutulukabe," anauza Lovelyn. "Ponyanso."