Nyumba ya pa Laputopu ya Bambo

Pagalasi la laputopu ya bambo panali nyumba yathu. Ukadina batani, pankayamba mdima bii, kenako nyumba balamanthu: malata ali mbee ndi dzuwa la m'mawa, chitseko chobiriwira chili chitsegulire, njinga itatsamira khoma, phiri la Mulanje kumbuyo litafunda nkhungu. Pakhonde amayi akupeta nandolo, nkhope ataitembenuzira kumbali chifukwa zojambulidwa sankazifuna. Pamwamba pa denga manambala a nthawi ankasinthasintha, koma pabwalopo unali m'mawa womwewo tsiku lililonse.

Nyumbayo kulibenso. Napolo atatsika m'phiri chaka chija anatenga malata, anatenga chitseko, anatenga mtengo wa mapeyala pamodzi ndi sutikesi ya zithunzi zonse za banja lathu. Lero pamalopo pali miyala ndi mchenga. Amayi anali atatisiya kale. Bambo anapulumuka chifukwa sabata imeneyo anali kwa ine ku Bangwe, laputopu ili m'chikwama. Atamwalira chaka chatha, inatsala m'manja mwanga, ndipo chithunzi cha nyumba yathu chinali chokhacho padziko lonse.

Bambo anali alangizi a zaulimi, munthu amene chitseko cha nyumba sankakhoma ngakhale popita kumsika, koma laputopu anaikhoma ndi pasiwedi imene sanauze munthu. Ndinayesa dzina la amayi. Ndinayesa chaka cha ukwati wawo, nambala ya nyimbo imene ankaikonda kutchalitchi, mpaka dzina la mbuzi yawo yamakani ija. Inandikana ponseponse. Choncho Lamlungu lililonse masana ndinkangoitsegula n'kumayang'ana, ngati mlendo amene waodira pabwalo koma palibe womuyankha.

Mwana wanga Mtisunge anasankhidwa kukaphunzira unamwino, ndipo m'kalata ya kusukuluko analembamo kuti Lolemba afike ndi laputopu. Sanandipemphe. Ankangoiyang'ana, n'kuyang'ana ine, n'kupita kukatsukanso mbale zotsuka kale. Lachisanu ndinaikulunga m'chitenje, ine ndi Mtisunge tinakwera minibasi ya ku Limbe.

Kunali fumbi la Okutobala, fumbi lolowa m'mano, fumbi lokhala pansidze. Kashopu ka a Jafali okonza makompyuta kali pakati pa osoka nsapato ndi ogulitsa machaja, chitseko chake chinayang'ana kumene kumalowera dzuwa. M'katimo mawaya ali mbwee, mafani akufa ataunjikana pashelefu, fungo la mtovu wosungunuka lili ponseponse. A Jafali analimbana nayo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, magalasi atawatsitsira kumphuno, kenako anapukusa mutu.

"Mayi, zam'katimu anazikhoma zonse, ngakhale chithunzichi sichingatuluke," anatero. "Njira ndi imodzi, kuifomata, kufufuta zonse n'kuikamo Windozi yatsopano. Koma ndikangodina, basi, kulibe kubwerera."

"Nanga nyumbayi?" ndinafunsa ine.

"Ijambuleni pafoni. Koma changu, magetsi kuno sachedwa kuthima."

Ndinaima patsogolo pa galasi, Mtisunge ali paphewa panga, dzuwa likutiotcha kumsana kudzera pakhomo. Ndinajambula katatu, foni n'kuiponya m'chikwama osayang'ana n'komwe. A Jafali analowetsa fulashi, galasi linasanduka labuluu, panatuluka timizere tinayi. Anati timizereto ndi zipinda za m'kati mwa kompyuta. Anayang'ana ine, ine ndinagwedeza mutu, iwo anayamba kufufuta chimodzichimodzi.

Napolo anabwera ndi chiphokoso, anthu anamumva mpaka kutsidya. Izi zinachitika mwakachetechete, chala chimodzi kudina kanayi, nthawi yosakwana kumwa kapu ya madzi. Zinandipweteka, ndipo ndinakwiya. Ndinakwiyira bambo ndi pasiwedi yawo, ndinakwiyira a Jafali ndi chala chawo chopepuka, ndinadzikwiyira ndekha kuti nyumba imene madzi anaisiya ndaigwetsa ndine.

Timadontho tinayamba kuzungulira pagalasi, kuzungulira, kuzungulira, manambala akukwera mwaulesi. Ine ndinakhala pabenchi n'kutsinzina, ndipo ndinalowa pachitseko chobiriwira chija. Kumanja kunali mtsuko wa madzi ozizira, kumanzere matumba a mbewu amene bambo ankawalemba mayina ndi choko. Mvula ikamagwa pamalata sitinkamvana, amayi ankangotiloza ndi chala kuti titchere mabeseni pamene pankadontha. Ikakata, bwalo linkanunkhira dothi, inswa zili mbwee kuchulu, bambo akutuluka ndi kabuku kawo kukayeza madzi m'kabotolo kamene anakakhomera pamtengo. Zonsezi pachithunzi panalibe. Ndinazipeza zili m'malo mwake, palibe anazikhudza.

Nditatsegula maso, laputopu inali itadzuka. Inatipatsa moni ngati sitinaonanepo, n'kufunsa dzina la mwini wake. Mtisunge anakhala pampando, analemba lake chilembo chimodzichimodzi, milomo ataikumata kuti asamwetulire pamaso panga. Galasi linali mbee, lopanda nyumba, lopanda phiri, longodikira. Itafunsa pasiwedi, mwanayo anang'amba kapepala, analembapo, n'kundifumbatitsa.

"Amayi, sungani. Ine za agogo zija ayi."

Ndinaseka misozi ili m'maso. A Jafali anayamba kupukuta magalasi awo nthawi yaitali.

Foni ndinaitulutsa tili m'minibasi, laputopu ili pamiyendo pa Mtisunge ataikumbatira ngati khanda. Chithunzi choyamba chinali chosaoneka, manja anagwedezeka. Chachiwiri kuwala kunadya denga ndi phiri lomwe. Chachitatu nyumba inalipo, malata, njinga, amayi ndi lichero lawo, koma dzuwa la pakhomo la shopu lija linali litasandutsa galasi kalirole, ndipo pachithunzipo panagwera mithunzi ya anthu awiri. Ndinatsala pang'ono kulira kuti ndachiwononga.

Ndinachikulitsa ndi zala. Pachitseko chobiriwira, pamene zaka zonsezi panali mdima bii, panali nkhope yanga ndi duku langa, yotuwa ngati utsi koma yanga ndithu. Paphewa panga panali Mtisunge, amene nyumbayo anagonamo ali wakhanda basi. Amayi, amene nkhope anaitembenuza pothawa kamera, anali akuyang'ana kumene tinaima ife.

Fumbi linkalowa pawindo la minibasi n'kutera pagalasi la foni. Ndinalipukuta ndi nsonga ya chitenje pang'onopang'ono, kuyambira pamalata mpaka pakhonde. Chaka chathunthu ndinaodira pabwalo la nyumba imeneyi, ndipo tsiku limene ndinaifufuta ndi limene ndinalowa.