Mpopi wa Tsiku la Alendo

Galimoto ya madzi inali itangomaliza kuthira m'thanki ya pa kiyosiki yotungirapo madzi ku Mbayani pamene a Melvin, mkulu wa pulojekiti, anatsika m'galimoto yoyera ya bungwe atafungata mtolo wa zitenje.

"Amayi, valani izi msanga. Alendo athu akunja afika pompano. Muyimbe mokweza, mano panja!"

Mayi Angelina, wapampando wa komiti ya kiyosikiyo, sanatambasule dzanja. Mpopiwu unaphwa chaka chatha, patangotha miyezi itatu chiutsegulireni. Iwo anayenda wapansi kawiri mpaka ku ofesi ya bungwelo ku Mandala, koma mlonda ankangoti mabwana ali ku wekishopu. Dzinja lomwelo mdzukulu wawo anatsala pang'ono kufa ndi kolera.

"Lero ndiye mwaikumbukira njira ya kuno?" anafunsa Mayi Angelina.

"Mayi, tikambirana alendo akapita. Mukawakhumudwitsa, pulojekiti yatha. Wopempha sakulitsa chitete."

"Anapempha ndani? Ife tinati mjigo, inu munabweretsa thanki ndi chikwangwani. Chikwangwanicho ndiye simuiwala kupenta. Kwanu ku Namiwawa mumamwa penti?"

Amayi ena anaseka chikhakhali. Nkhope ya a Melvin inachita tsinya.

"Komiti imasinthidwatu, mayi."

Alendo awiri anafika ndi makamera. A Melvin anatsegula mpopi, madzi nkuyamba kukhuthuka. Amayi anayang'ana wapampando wawo, zidebe zili m'manja.

"Tungani," anatero Mayi Angelina. "Madzi alibe mlandu. Koma nyimbo ayi."

Anatunga ali duu. Mzere usanafike ndi pakati pomwe, mpopi unatsokomola kawiri nkuuma. Mlendo wamkazi anafunsa china chake m'Chingerezi, ndipo a Melvin anayankha mothamanga, akuseka chiseko chosachokera mumtima.

Mayi Angelina sanamve Chingerezicho, koma bodza analimva. Anapatsira mlendoyo chidebe chopanda kanthu, namulozera kunsi, kumtsinje wakuda ndi zinyalala.

"Tiyeni mukajambule kumene timamwa."

Mlendo anawatsatira, a Melvin akukuwa kumbuyo kuti nthawi yatha.

Patatha sabata kunabwera kalata yochotsa Mayi Angelina pampando chifukwa cha "kusagwirizana ndi chitukuko". Alendo aja sanamvekenso. Mayi Angelina anapereka makiyi a kiyosiki. M'mawa mwake anayamba kugogoda khomo ndi khomo, kuitana amayi kuti Lolemba onse akakhale pachipata cha ofesi ya ku Mandala ndi zidebe zawo mpaka wekishopu ithe.